Matenda Amene Ndinabwereka

Ananditengera kuchipatala pa ngolo. Ndiyambire pamenepo, chifukwa aliyense kuno akamanena za ine amayambira pomwepo.

Unali mwezi wa Januwale, nthawi yowokera mpunga. Puloti imene ndimalima ku sikimu ya mthirira ili kumchira kwa ngalande, kumene madzi amafika atatopa kale. Pulotiyo si yanga. Ine kwathu ndi kumtunda, kumapiri a Dedza, ndipo kuchigwa kuno ndinabwera kudzakwatira. Malo ndi a banja la mkazi wanga, ndipo amene amagawa ndi amalume ake, mkulu wanthabwala amene ine ndimawatchula kuti apongozi. Pondipatsa anangonena kuti, "Akamwini, limani. Bola isagone." Mpunga wa pamenepo ndi umene walera ana anga. Komanso, kunena mosabisa, ndi umene umandipatsa pakamwa polankhulira m'mudzi mwa eni.

M'mawa umenewo inali nthawi yathu yolandira madzi, koma m'ngalande munali matope okhaokha. Ndinakwera motsata ngalandeyo mpaka ndinapeza wina atatseka ndi thunthu la nthochi, madzi onse akukhuthukira mu puloti yake. Ine mtima wanga ndi wapachala, sindikana. Ndinayamba kukalipa. Sindikumbukira zonse zimene ndinanena, koma ndikudziwa kuti ndinafika mpaka kwa azigogo ake. Ndili mkati motukwana, chifuwa chinangoti gwa! ngati wina wachimanga ndi luzi. Mtima unayamba kugunda ngati mtondo umene akusinjamo anthu awiri. Manja anachita dzanzi, mpweya unakana kulowa, thukuta lozizira linatsika m'msana. Ndinakhala pansi m'matope momwemo n'kunena kuti, "Ndikufa ine."

Mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, amadutsa ndi ngolo yodzaza mbande zake. Anakhuthulira mbandezo m'mbali mwa njira n'kundikweza. Amayi anasiya kuwokera, ena anayamba kulira. Munthu amene ndimamutukwana uja ndi amene anandigwira miyendo. Pamene timafika pamsewu wa tala, mbiri inali itafika kale pa Golomoti kuti ndatsirizika, ndipo mlongo wanga kumapiri amaimba foni ya mkazi wanga akulira.

Chodabwitsa n'chakuti pamene timalowa pachipata cha chipatala cha mishoni, chifuwa chija chinali chitamasuka. Ndinkapuma bwinobwino. Ndinatseka maso dala kuti anthu asaone kuti ndatsitsimuka msanga.

Dokotala wake anali mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anandimanga chopimira magazi pamkono, anandibaya chala, anamvetsera pachifuwa ndi kumsana. Anandigoneka kanthawi, n'kudzapimanso. Kenako anakoka mpando.

"Bambo, mtima wanu uli bwino. Malungo mulibe, shuga mulibe. Magazi anathamanga pang'ono monga amachitira munthu akadzidzimuka, koma atsika kale."

"Ndiye mukuti ndimanama?"

"Ayi, simumanama. Zimene munamvazo ndi zenizeni. Mumagona bwanji?"

"Bwinobwino."

"Mutu? Khosi kumbuyoku?"

"Palibe."

Mkazi wanga anali pabenchi, chitenje chili matope okhaokha. Anatsokomola. "Adokotala, abambowa sagona. Akagona amakukuta mano ngati mbuzi. Mutu umawapweteka tsiku lililonse, kungoti sanena."

Ndinamuyang'ana ndi diso limene kunyumba limatseka pakamwa pa aliyense. Tsiku limenelo silinagwire ntchito.

"Nanga inu mayi," dokotala anafunsa, "mumadziwa bwanji kuti lero zinthu sizili bwino?"

"Timaonera njinga."

"Njinga?"

"Eya. Akafika n'kuimika pa sitandi, ndiye kuti kwacha bwino, ana amatha kuwafunsa kanthu. Akangoyedzamiritsa kukhoma, timayenda mosamala. Koma akaiponya pansi, aliyense amapeza kolowera. Ndi nkhuku zomwe zimadziwa. Chiyambireni mvula, njinga ija sinaimepo pa sitandi."

Dokotala sanaseke. Bola akanaseka. Ine ndinafika Fomu 4, ndimawerenga nyuzipepala, pamsonkhano wa alimi ndimaimirira n'kulankhula. Koma zaka zonsezi banja langa limandipima ndi njinga, ine osadziwa. Ndinkaona ngati ana amandipatsa ulemu. Chonsecho amayang'ana gudumu.

Mnyamata uja anafotokoza mosathamanga. Anati munthu akaona njoka panjira, thupi limadzikonza lokha: mtima umathamanga, minofu imalimba, mpweya umafupika. Njoka ikapita, thupi limabwerera m'malo. "Koma lanu likukhala ngati njokayo siichoka. Madzi a kumunda, za kumudzi kwanu, zonse mukuzisenza usana ndi usiku, ndiye lero thupi lakuwa. Uku timati kupanikizika maganizo. Makina opimira zimenezi tilibe. Timapimira tulo, kadyedwe, ukali, ndi njinga imene anena mayiyi." Anandiuza kuti ndikamva chifuwa chikuyamba kumanga ndizichoka pamalopo, ndizipuma pang'onopang'ono, mpweya wotuluka uzitalika kuposa wolowa. Anati ndidzabwerenso kudzacheza ndi namwino amene amathandiza anthu otere, ndiponso kuti chifuwa chikadzapwetekanso ndisadzazengereze kubwera, adzapimanso. Ntchito sanandiletse. Anati kugwira ntchito ndi bwino, choipa ndi kukangana.

Ndinapempha jekeseni. Anakana. Ndinatuluka ndi timapiritsi ta mutu basi.

Kunyumba tinapeza khonde litadzaza. Kuno munthu akachoka kuchipatala safunsidwa kuti wadzuka bwanji. Funso ndi limodzi: apeza chiyani? Ndipo uyenera kubwera ndi dzina la matenda, monga munthu wochokera kumsika amabwera ndi kanthu m'jumbo. Ananditengera pa ngolo, amayi analira, mlamu anataya mbande. Ndikanati chiyani? Kuti apeza maganizo?

Kuno mawu amenewo timanenera mayi amene mwamuna wamuthawa, kapena munthu amene wayamba kutola mapepala pamsika akulankhula yekha. Mwamuna wamkulu, wa ndevu zaimvi, sadwala maganizo. Amapirira.

"Apeza chiyani, akamwini?" anafunsa azakhali a mkazi wanga.

Ndisanayankhe, anadziyankha okha.

"Si BP imeneyi? Kugwa kotereku ndi BP basi."

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Sindinanene ndi pakamwa, ndinangogwedeza. Mkazi wanga anandiyang'ana kamodzi n'kulowa m'nyumba.

BP ndi matenda aulemu. Amadwala aphunzitsi, akuluakulu a mpingo, anthu a mashopu. Khonde lonse linapumira m'mwamba, aliyense anakhutira. Ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinakhala wodwala wa mudzi wonse. Mchere unachoka m'ndiwo zanga. Khasu analibisa. Ndikangoti ndituluke padzuwa, wina amakuwa kuchokera kuseri kwa mpanda, "Bwererani pamthunzi inu, mukufuna mutigwerenso?" Ozonda odwala amabwera ndi adyo, mandimu, masamba a chammwamba. A mphakati wathu, kagulu ka akhristu a m'mudzi, anabwera kudzapemphera, n'kunditchula dzina pamodzi ndi odwala enieni.

Musaganize kuti ndinkapuma. Munthu wa mtima ngati wanga kumukhazika pamkeka tsiku lonse ndi kumuwotcha pang'onopang'ono. Ndinkangoganizira mbande zanga zikukalamba mu nazale, anzanga akumaliza kuwokera. Mutu unkapweteka kuposa kale. Njinga sindinkaikwera, ndiye ana analibe popimira, ankangondizungulira patali tsiku lonse.

Pakati pa ozondawo panali mayi wina wamasiye wa mu mphakati mwathu. Iyeyo BP ndi yake yeniyeni, wakhala nayo nthawi yaitali, miyendo imatupa ngati mitsuko. Anakhala pansi movutikira n'kundiyang'ana ngati walandira m'bale.

"Achimwene, takulandirani ku gulu lathu. Akupatsani ati, toyera tija kapena tachikasu?"

"Akuti ndiyambe ndasiya kaye mchere."

"Eee, ndiye mwayamba bwino. Koma musamakhale opanda kanthu m'nyumba." Anamasula mfundo ya pakona ya chitenje, n'kutulutsa timapiritsi take. "Ndikugawireniko. Ine ndikatenga ena."

Mkazi wanga anathamangira kubweza dzanja lake. "Ayi mayi, adokotala analetsa kumwa za ena." Mayiyo anamanganso mfundo yake, n'kusiya mutu wa adyo pamkeka. Ine ndinkayang'ana zala za kumapazi kwanga.

Kenako mlamu anabwera ndi uthenga. Iyeyu ndi ine timanyozana tsiku lililonse, koma tsiku limenelo analankhula mofatsa, ndipo ndinadziwiratu kuti pali nkhani.

"Alamu, amalume akuti Lamulungu tikatuluka ku Misa tikhale pansi. Akuti puloti ija isakupheni. Ndiyambe ndalima ine mpaka muchire."

Mpaka muchire. Ndani sadziwa kuti BP sichira? Ndipo ndani sadziwa kuti malo akachoka m'manja mwa mkamwini n'kubwerera kwa mwana wa pamudzi, apita basi? Panalibe chiwembu. Amandichitira chifundo. Chifundo chimenecho ndi chimene chimandilanda munda.

Mlamu atapita ndinatembenukira kwa mkazi wanga. "Ukawauze amalume ako kuti ndili bwino."

"Ndikawauze kuti BP yatha?"

"Ukawauze zimene ukudziwa."

"Ine sindinena kanthu, abambo. Matenda ndi anu, onse awiri, enieniwo ndi obwerekawo. Musankhe nokha amene mukhale nawo."

Ndinaimirira kuti ndikalipe. Iye sanathawe. Anapitiriza kusankha nyemba palichero, ngati akudikira kuti aone ngati ndigwenso.

Loweruka m'mawa ndinatulutsa njinga anthu ali kumadzi, n'kupalasa kupita ku sikimu. Ndinkafuna ndingoona ngati mbande zikadali zoti n'kuwokera. Ndili patali ndinaona anthu mu puloti yanga. Anali amayi a mu mphakati, atawerama mumzere, akuimba nyimbo ya kutchalitchi, akuwokera mpunga wanga. Chakumapeto kwa mzerewo kunali mayi wamasiye uja. Anali atamanga kansalu konyowa kumutu. Akabzala pang'ono amaweramuka, kugwira m'chiuno, kupuma, n'kuweramanso. Miyendo yotupa ija inali m'matope mpaka m'mawondo.

Iye ndi amene anayamba kundiona. "Achimwene! Mukufuna chiyani padzuwa pano? Bwererani! Matenda athuwa safuna masewera!"

Matenda athuwa. Ndakhalapo ndi manyazi m'moyo mwanga, koma amenewa anandilowa mpaka m'mafupa. Ndinatembenuza njinga.

Ndikuyandikira kunyumba ndinamva manja atafinya mahandulo mpaka zala kuyera. Nsagwada zinali zitalumana, chifuwa chikuyamba kumanga kuja. Mwana wanga wamkazi anali pabwalo akuyanika zovala. Sanandiyang'ane kumaso. Anayang'ana njinga. Ndinadziwa kuti ndikatsika pamenepo ndiiponya, ndipo wina alira popanda chimene walakwa. Ndiye sindinatsike. Ndinapitirira nyumba yanga yomwe ngati mlendo, mpaka kunjanji, pamene pali mlambe waukulu. Ndinakhala pamizu yake n'kuyamba kupuma monga ananenera mnyamata uja, kukoka pang'ono, kutulutsa motalika. Ndinkadziona wopusa, bambo wamkulu kuphunzira kupuma ngati khanda. Anthu odutsa ndi matumba a makala amandipatsa moni, ine kuyankha ndi dzanja. Koma chifuwa chinamasuka. Sichinamasuke chonse, koma mokwanira kuti ndione chinthu chimodzi bwinobwino: mawa ndikangokhala chete, munda wapita, ndipo mayi uja apitiriza kuvutikira munthu wabodza.

Lamulungu tinakhala pansi pa mtengo wa mango kwa apongozi. Iwo anali pampando wawo akuluka mkeka wa mlaza, azakhali aja pambali, mlamu, mkazi wanga, ndi achibale ena amene sasowa pamene pali nkhani. Apongozi anayamba ndi nthabwala monga mwa masiku onse.

"Akamwini, mwanenepa. Odwala a masiku ano mumasamalika."

Anthu anaseka. Kenako anafotokoza bwinobwino kuti moyo ndi wofunika kuposa mpunga, kuti palibe amene akundithamangitsa, kuti mlamu azindigawirako zokolola. Atamaliza anandifunsa ngati ndili ndi mawu.

Ndinali nditakonza mawu ambiri panjira. Onse anathawa. "Apongozi, ine BP ndilibe."

Anasiya kuluka. "Yatha?"

"Sinakhalepo. Adokotala sanaipeze."

"Nanga anapeza chiyani?"

Ndinayang'ana mkazi wanga, iye akuyang'ana nyerere pansi. "Anati ndi maganizo. Kupanikizika. Akuti ndimasenza zinthu mumtima, ndimapsa mtima msanga, ndiye thupi linatopa. Mtima weniweniwo ulibe vuto. Ntchito sanandiletse."

Azakhali anagwira pakamwa. "Maganizo ake ati? Mwayamba kumva mawu?"

"Ayi, azakhali," mkazi wanga anayankha, koyamba kutsegula pakamwa. "Mawu amene amamveka ndi awo omwe. Timamva ndife."

Mlamu anaphulika kuseka mpaka kugwira pamimba. "Alamu! Ndiye kuti mbande zanga zija ndinazitayira maganizo? Ng'ombe zanga kuthamanga mtunda wonse uja, thovu kukamwa, zitanyamula maganizo?"

"Anali olemera," ndinatero. Sindikudziwa kumene yankholo linachokera. Anthu anasekanso, ine nkhope ikuyaka moto.

Apongozi sanaseke kwambiri. Anandiyang'ana kanthawi, n'kufunsa, "Ndiye mchere munausiya ulele?"

"Ulele."

"Pepani. Khasu mungagwire?"

"Ndingagwire."

"Nanga kugeti lotsekulira madzi? Chifukwa paja simunagwe ndi khasu inu. Munagwa ndi pakamwa."

Anatenganso mlaza wawo n'kugamula akuluka. Puloti ikhalabe m'manja mwanga. Koma za madzi, kutsata ngalande, kukangana ndi otseka, zonsezo azichita mlamu, ine ndizimubwezera pomuthandiza kupalira. Ine kugeti ndisamafikeko.

Munda ndinaupulumutsa, koma musaganize kuti ndinachokapo mokondwa. Mwamuna kuletsedwa kukamenyera madzi a munda wake womwe! Nkhani inafika ku sikimu ine ndisanafike kunyumba. Mpaka lero ndikamadutsa pamilambala ya m'minda wina amakuwa, "Achimwene, njinga yaima bwanji lero?" Munthu wa thunthu la nthochi uja amandipatsa moni waulemu wopitirira muyeso, ngati ndine dzira.

Panatsala mayi wamasiye. Ndinapita ndekha madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe. Ndinamupeza atakhala pakhonde, miyendo ataisanjika pa kampando. Ndinafotokoza zonse nditaimirira, chipewa chili m'manja. Ndinkayembekezera kuti anena mawu okhululuka, monga amachitira amayi a mpingo.

"Ndiye msana wangawu ndinauthyolera chiyani?"

"Pepani, mayi."

"Pepani salima. Puloti yanga mukuidziwa, udzu wayamba. Ndipo adyo wanga uja mubweze, ine ndi amene ndimadwala."

Adyo ndinabweza. Puloti yake ndinapalira yonse chaka chimenecho, iye atakhala pamlambala ndi ambulera akundilozera pamene ndasiya. Nthawi ina ndili chowerama anandifunsa kuti, "Ndiye zanuzo zikakugwirani mumamva bwanji?" Nditamufotokozera anati, "Hmm. N'zowawanso ndithu." Anangonena zomwezo, koma ine zinandikwanira.

Kwa namwino uja ndinapita, ngakhale ulendo woyamba ndinazungulira chipatala ngati munthu wofuna kuba, kuopa kukumana ndi wondidziwa. Timangocheza. Amandifunsa za tulo, za mlongo wanga kumapiri amene foni yake imandipatsa nkhawa ndisanaiyankhe, za kukhala pamudzi wa eni zaka zonsezi ukudziwa kuti ukangolakwitsa akuuza njira ya kwanu. Zinthu zimene sindinauzepo munthu. Chifuwa chinadzamanganso tsiku lina mbalame zitagwa mumpunga, ndinapita kukapimitsa monga anandiuzira, ndipo anapezanso kuti mtima uli bwino. Ulendo umenewo ndinapita ndekha panjinga, ngolo sinavutike.

Sindinasanduke munthu wofatsa. Amene akunena zimenezo akunama. Ndimapsabe mtima, ndipo masiku ena ndimaona madzi akuchedwa m'ngalande miyendo n'kuyamba yokha kulowera kugeti. Ndimaima, n'kuitana mlamu. Iye amapita akuimba mluzu, amakacheza nawo anthu aja, madzi n'kubwera. Zimenezinso zimandipsetsa mtima.

Mlambe wa kunjanji uja ndaudziwa bwino tsopano. Mkazi wanga akaona ndadutsa pakhomo osatsika, sandiitana. Amangosunga chakudya. Ndikabwerako ndimaimika njinga pa sitandi. Sitandiyo inali itachita dzimbiri, ndinachita kukawotcheretsa pa Mtakataka.